Mutu waching'alang'ala: mankhwala alipo, koma ali ndi malamulo ake

TETE - Pa matenda onse amene amagoneka munthu wamkulu m'nyumba dzuwa likuswa mtengo, mutu waching'alang'ala ndiwo umapeputsidwa kwambiri. Wodwala alibe bala, thupi lake silitentha, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri amadzuka n'kunyamula khasu ngati sipanachitike kanthu. N'chifukwa chake achibale ena amati ndi ulesi, ena amati alodzedwa, pamene mwini wake akudziwa kuti mutuwo ukafika, ngakhale kulira kwa tambala kumamulasa ngati msomali.

Matendawa pa Chipwitikizi amatchedwa enxaqueca, ndipo m'mabuku a chipatala a ku Malawi ndi ku Zambia amalembedwa kuti migraine. Pa dziko lonse lapansi amagwira munthu mmodzi mwa anthu 7 aliwonse, ndipo amayi ndiwo amachuluka, kawiri kapena katatu kuposa abambo. Ofufuza amene anayenda khomo ndi khomo ku Zambia, m'zigawo za Lusaka ndi Southern, anafalitsa mu 2015 kuti akuluakulu pafupifupi 23 mwa 100 aliwonse anali atadwalako mutu umenewu m'chaka chimodzi. Anapezanso china chodetsa nkhawa: anthu 7 mwa 100 aliwonse ankamva mutu masiku 15 kapena kuposa pa mwezi, uku akumwa mankhwala a mutu mopitirira muyeso.

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa anthu a m'maboma a m'malire monga Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Moatize. Mankhwala othandiza alipo, koma munthu wa kuno ali ndi malo ambiri owapezera: chipatala cha mbali ino, chipatala cha mbali inayo ya malire, okala ya m'mudzi, msika, ndiponso chikwama cha m'bale amene wangobwera kumene kuchokera ku Johannesburg. Mankhwala omwewo amene amadzutsa munthu pamphasa, akamwedwa mosadziwa amatha kuchititsa zilonda m'mimba, kuononga impso, kutseka mitsempha ya magazi, kapena kusandutsa mutu wa kamodzi pa mwezi kukhala wa tsiku ndi tsiku.

Kodi ndi mutu wotani?

Mutu waching'alang'ala uli ndi kayendedwe kake. Kawirikawiri umagwira mbali imodzi, pafupi ndi diso kapena pa litsipa, ndipo umagunda ngati ng'oma motsatana ndi mtima. Munthu akawerama, akakwera chitunda kapena akasenza chidebe, ululu umakula. Amachita mseru, mwina amasanza, ndipo kuwala ndi phokoso zimamusautsa kotero kuti amafuna chipinda cha mdima. Ukapanda kupatsidwa mankhwala, umatha maola 4 kufikira 72, kenaka n'kusiya wokha mpaka ulendo wina.

Odwala ena, mmodzi mwa atatu kapena anayi aliwonse, amaona chizindikiro chotsogolera chimene madokotala amachitcha aura. Amaona zong'anima ngati ziphaliwali, mizere yokhotakhota, kapena mbali ina ya chinthu chimene akuyang'ana imachita mdima. Ena amachita dzanzi dzanja ndi milomo, ena mawu amawavuta kutuluka. Izi zimatha mphindi 5 kufikira 60, mutu n'kutsatira pambuyo. Chizindikiro chimenechi ndi chofunika kuchinena kuchipatala, chifukwa monga taona m'munsimu chimasintha mankhwala amene munthu angaloledwe kumwa.

Gwero la matendawa lili mu ubongo ndi mitsempha yake, imene mwa anthu ena imasokonezeka msanga kuposa mwa anzawo, ndipo nthawi zambiri zimayendera kumtundu. Zimene zimaudzutsa ndi zodziwika: kukhala ndi njala, kusamwa madzi okwanira, dzuwa la kumunda, kuchezera usiku pamaliro kapena pamowa, nkhawa, fungo lamphamvu la utsi kapena petulo, ndiponso kusamba kwa amayi.

Si mutu uliwonse

Munthu asanaganize za mankhwala, ayenera kutsimikiza kuti mutu wake ndi umenewudi. M'dera la malungo ngati lino, mutu wobwera ndi kutentha thupi uyenera kuonedwa ngati malungo kufikira magazi atayezedwa. Mutu wobwera ndi kutentha thupi, kuuma khosi, kubwebweta kapena kukomoka ukhoza kukhala matenda oumitsa khosi, amene amapha m'masiku ochepa. Kwa munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, makamaka amene anasiya ma ARV kapena sanawayambe, mutu umene ukukulirakulira kwa masiku angapo ndi wothamangira nawo kuchipatala ngakhale thupi lisakutentha kwenikweni.

Zinanso zosafunika kugonera ndi izi: mutu wofika mwadzidzidzi ngati wamenyedwa ndi chibonga, mutu umene wayamba koyamba munthu atapitirira zaka 50, mutu wotsatira kugwa pa njinga yamoto kapena kumenyedwa, mutu wobwera ndi kufooka kwa mkono ndi mwendo wa mbali imodzi kapena kupindika kwa kamwa, ndi mutu wa mayi woyembekezera umene wabwera ndi kutupa kapena kusaona bwino. Wodwala waching'alang'ala nayenso amadwala matenda ena. Ngati mutu wa lero ukusiyana ndi umene anauzolowera, asangouthira mankhwala a masiku onse.

Mankhwala oyamba: msanga, ndiponso okwanira

Anthu ambiri amayamba ndi kupirira. Amadikira mpaka mutu utafika pachimake, ndiye n'kumwa m'bulu umodzi, pakapita ola wina umodzi, madzulo wa mtundu wina. Pamenepo mankhwala amaoneka ngati opanda mphamvu, chonsecho vuto ndi nthawi ndi mlingo. Mutu waching'alang'ala ukakhwima, m'mimba mumaleka kugaya bwino, ndipo mibulu imangokhala osalowa m'magazi, mwinanso imatuluka ndi masanzi. Lamulo loyamba ndiye ili: mankhwala amwedwe ululu ukangoyamba, ukadali wochepa, pa mlingo wonse umene wachipatala walemba.

Mphamvu ya mankhwala imayezedwa ndi mamiligalamu, amene pa paketi amalembedwa kuti mg. Kwa munthu wamkulu, milingo imene imalembedwa kawirikawiri ndi aspirin 900 mpaka 1000 mg, kapena ibuprofen 400 mpaka 600 mg, kapena paracetamol 1000 mg. Wodwala aziyang'ana nambala ya pa paketi m'malo mongowerenga mibulu, chifukwa aspirin wina ndi wa 300 mg, wina wa 500 mg, ndipo ibuprofen wina ndi wa 200 mg pamene wina ndi wa 400 mg.

Aspirin, ibuprofen, diclofenac ndi indomethacin ndi a banja limodzi. Kuwamwa awiri nthawi imodzi sikuonjezera chithandizo koma ngozi. Onsewa ndi oopsa kwa munthu amene ali ndi zilonda za m'mimba, amene anasanzako magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda ngati phula, amene ali ndi matenda a impso, ndi amene akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin. Ena a mphumu amabanika akawamwa. Amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, omwe ali m'bulu wa TLD umene akuluakulu ambiri amalandira masiku ano, asamamwe mankhwala a banja limeneli masiku otsatizana popanda kufunsa, chifukwa onse awiri amalemetsa impso.

Paracetamol savutitsa m'mimba, koma naye ali ndi malire: asapitirire 4000 mg, ndiye kuti mibulu 8 ya 500 mg, pa maola 24. Kupyola apo amaononga chiwindi mwakachetechete, munthu n'kudzazindikira patapita masiku awiri kapena atatu maso atachita chikasu. Kwa munthu wakumwa kachasu tsiku ndi tsiku, wa matenda a chiwindi kapena woonda kwambiri, malirewo amatsika, ndipo wachipatala ndi amene angamuuze pofika.

Ngati wodwala amasanza, achipatala amaonjezera metoclopramide 10 mg, amene amaletsa mseru ndi kuthandiza mankhwala enawo kulowa m'thupi. Samwedwa kuposa katatu pa tsiku kapena kupitirira masiku 5. Mwa anthu ochepa, makamaka atsikana ndi amayi achichepere, amaumitsa khosi, kutembenuza maso ndi kutulutsa lilime. Oona amatha kuganiza kuti ndi khunyu kapena mizimu, koma ndi mankhwalawo, ndipo kuchipatala kuli jekeseni yomasula. Munthu amene zinamuchitikirapo azinena nthawi zonse asanalemberedwe mankhwala.

Sumatriptan

Pamene mankhwala oyambawa akanika, pali ena amene anapangidwira mutu waching'alang'ala wokha. Woyamba wa banja lawo ndi sumatriptan, amene kampani ya Glaxo ya ku Britain inayamba kugulitsa mu 1991. Mu 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene kuno limadziwika kuti OMS, linamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Si chipatala chilichonse chaching'ono chimene chimakhala naye, ndipo ambiri amakamugula ku farmácia ya m'tauni ndi pepala la dokotala, lija amati receita.

M'bulu wake ndi wa 50 mg kapena 100 mg. Pa odwala 10 amene amwa 100 mg, pafupifupi 6 amapezako bwino pakutha pa maola awiri, ndipo atatu mutu umatheratu. Amwedwe ululu ukayamba, osati pa nthawi ya zong'anima zija. Ngati wathandiza koma mutu n'kubweranso, wachiwiri amwedwe patapita maola awiri kapena kuposa, osapyola mlingo wa tsiku umene dokotala walemba. Ngati woyamba sanathandize konse, wachiwiri pa ulendo womwewo sathandizanso. Komabe wodwala asafulumire kumutaya: madokotala amalangiza kumuyesa pa maulendo atatu osiyana asanagamule kuti sagwira.

Sumatriptan amachepetsa mitsempha ya magazi. Ndicho chifukwa chake ndi woletsedwa kwa munthu wa matenda a mtima, amene anadwalapo sitiroko, amene magazi sayenda bwino m'miyendo, ndi amene magazi ake amathamanga kwambiri koma sakulandira chithandizo. Ili si vuto laling'ono muno mu Moçambique. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2014 ndi 2015 anapeza kuti anthu pafupifupi 39 mwa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa. Choncho munthu asamwe sumatriptan wa mnzake, ndipo asayambe wake asanayezedwe magazi pamkono.

Ena akamwa amamva kutentha, kunyerenyesa, kapena kulemera pachifuwa ndi pakhosi kwa mphindi zochepa. Ngati chifuwa chikupweteka kwambiri kapena sichikusiya, apite kuchipatala ndipo asamwenso. Mankhwalawa amabweretsanso tulo ndi chizungulire, kotero woyendetsa njinga yamoto kapena galimoto adikire kaye.

Ergotamine ndi ma ARV

Pali mankhwala akale kwambiri amene akadapezeka m'zikwama ndi m'mashelefu ena. Ergotamine amachokera ku nkhungu imene imamera pa mbewu ya rye, ndipo katswiri wina wa ku Switzerland, Arthur Stoll, ndi amene anamupatula mu 1918. Amagulitsidwa atasakanizidwa ndi caffeine pa mayina monga Cafergot ndi Migril. Masiku ano madokotala ambiri anamusiya, chifukwa amafinya mitsempha ya thupi lonse kwa nthawi yaitali.

Ngozi yaikulu imabwera akakumana ndi ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir ndi lopinavir, amene amaperekedwa kwa anthu omwe mankhwala oyamba anawakana. Ritonavir amaletsa chiwindi kuchotsa ergotamine, ndiye amaunjikana m'magazi. Manja ndi mapazi amazizira, amachita dzanzi, amada, ndipo pali odwala amene anadulidwa zala kapena mwendo atangomwa mibulu yochepa. Zomwezo zingachitike ndi efavirenz, erythromycin, clarithromycin ndi ketoconazole. Poti kafukufuku wa INSIDA wa mu 2021 anapeza kuti akuluakulu 12,5 mwa 100 aliwonse m'dziko lino ali ndi HIV, nkhaniyi ikukhudza mabanja ambiri. Aliyense amene ali pa ma ARV akaona mawu akuti ergotamine kapena ergotamina pa paketi, asamwe. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asamwenso, ndipo ergotamine ndi sumatriptan asamwedwe m'maola 24 amodzi.

Pamene mankhwala asanduka matenda

Vuto limene limagwira anthu ambiri koposa si lodzidzimutsa ayi, limakwawa pang'onopang'ono. Munthu amayamba ndi mutu wa kawiri pa mwezi. Mankhwala amamuthandiza, ndiye amayamba kuwasunga pafupi. Nyengo yobzala ikafika, kapena yothyola ndi kusoka fodya, kapena yokumba kachewere, sangathe kutaya tsiku, ndiye amamweratu m'mawa kuopa kuti mutu ungabwere. Pakapita miyezi, ubongo umazolowera, ndipo mankhwala akangotha mphamvu m'thupi mutu umadzuka. Amadzuka nawo m'bandakucha, amamwa, umatsika, masana wabweranso. Iye amaganiza kuti matenda akula, osadziwa kuti mibulu imene ali nayo m'thumba ndiyo ikuwadyetsa.

Madokotala anaika malire omveka. Paracetamol, aspirin ndi ibuprofen amabweretsa vutoli akamamwedwa masiku 15 kapena kuposa pa mwezi kwa miyezi yopitirira itatu. Sumatriptan, ergotamine, codeine, tramadol ndi mankhwala osakaniza amalibweretsa msanga, pa masiku 10 okha pa mwezi. Osakaniza ndi aja okhala ndi mitundu iwiri kapena itatu pamodzi, monga ufa wa Grand-Pa wa ku South Africa, umene muli aspirin, paracetamol ndi caffeine. Chowerengedwa ndi masiku, osati mibulu. Mlingo wokwanira tsiku limodzi ndi wabwino kuposa m'bulu umodziumodzi sabata yonse. Lamulo losavuta kukumbukira n'lakuti mankhwala oletsa mutu asamwedwe masiku oposa awiri pa sabata.

Codeine, tramadol ndi jekeseni ya pethidine si mankhwala a mutu waching'alang'ala. Amagoneka munthu, koma sathetsa bwino ululu wa mtundu umenewu, amaonjezera mseru, ndipo thupi limawazolowera msanga kufikira munthu osatha kukhala popanda iwo.

Chithandizo cha vutoli n'chowawa koma chimagwira: kusiya mankhwala amene akumwedwa mopitirira. Kwa masiku angapo, mwina mpaka masabata awiri kapena kuposerapo pang'ono, mutu umakula, munthu amachita mseru ndi kusowa tulo. Pambuyo pake ambiri amapeza kuti masiku a mutu achepa, ndipo mankhwala ayambanso kugwira. Ndi bwino kupangana ndi wachipatala ndi kusankha nyengo imene ntchito ya kumunda yachepa, apabanja atauzidwa kuti athandize. Amene anazolowera codeine kapena tramadol asasiye mwadzidzidzi. Amatsitsidwa pang'onopang'ono ndi dokotala.

Kuwerenga masiku sikulira sukulu. Wodziwa kulemba achonge pa kalendala. Wosadziwa atenge mabotolo awiri, m'limodzi aziponyamo njere ya chimanga tsiku lililonse limene mutu wamupweteka, m'linalo njere ya nyemba tsiku limene wamwa mankhwala. Pakutha pa mwezi, njerezo zimauza dokotala zoona kuposa zimene munthu angakumbukire pamzere wa chipatala.

Mankhwala oteteza

Ngati mutu ukugwetsa munthu masiku 4 kapena kuposa pa mwezi, yankho si kuonjezera mibulu yoletsa ululu. Pali mankhwala ena omwa tsiku lililonse, mutu ulipo kapena palibe, amene amachepetsa maulendo ake. Odziwika kwambiri ndi propranolol ndi amitriptyline, omwe ndi akale ndiponso otsika mtengo. Sachiritsiratu ayi, cholinga n'chakuti masiku a mutu atsike ndi theka. Amayambidwa pa mlingo wochepa, ndipo amafuna miyezi iwiri kapena itatu kuti aoneke ngati akugwira. Ambiri amawasiya sabata yachiwiri n'kumati ndi achabe, chonsecho kuona maso a nkhono n'kudekha.

Propranolol amatsitsanso kuthamanga kwa magazi, koma ndi woletsedwa kwa munthu wa mphumu ndi amene mtima wake umagunda mochedwa, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Amitriptyline amamwedwa usiku chifukwa amagonetsa, amaumitsa m'kamwa, ndipo sagwirizana ndi mowa. Mibulu yake yochepa chabe ikhoza kupha mwana wamng'ono, kotero isungidwe pamwamba kapena m'bokosi lokhoma, osati pansi pa mtsamiro. Kuyambira mu 2018 kunabwera mankhwala atsopano a jekeseni, monga erenumab, amene amatchinga chinthu chotchedwa CGRP chomwe mitsempha imatulutsa mutu ukamayamba, koma mtengo wake ndi wokwera kwambiri.

Amayi: kulera ndi mimba

Mayi amene mutu wake umatsogozedwa ndi zong'anima kapena dzanzi sayenera kumwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen, monga Microgynon. Malangizo a OMS amaletsa zimenezi kotheratu, chifukwa ziwirizi zikaphatikizana chiopsezo cha sitiroko chimakwera, ndipo chimakwera koposa ngati mayiyo amasuta fodya. Izi sizikutanthauza kuti asiye kulera. Jekeseni, kolera ka pamkono, lupu ndi mapiritsi opanda estrogen ndi zololedwa. Chofunika n'chakuti akauze namwino wa zakulera za mutu wake, ngakhale asanafunsidwe.

Amayi ambiri akatenga mimba mutu umachepa, makamaka miyezi itatu yoyamba ikadutsa. Ukabwera, mankhwala oyamba ndi paracetamol. Ibuprofen, diclofenac ndi aspirin wa mlingo waukulu apewedwe mimba ikapitirira theka, ndipo m'miyezi itatu yomaliza ndi oletsedwa. Za sumatriptan agamule ndi dokotala. Mwa mankhwala oteteza, valproate, amene amaperekedwanso pa khunyu, ndi woopsa kwambiri: pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 aliwonse obadwa kwa amayi amene ankamwa ali ndi pakati amabadwa ndi chilema, ndipo ena ambiri amachedwa kuyankhula ndi kuphunzira. Pa mutu waching'alang'ala, mayi amene angathe kutenga mimba sayenera kupatsidwa valproate. Topiramate nayenso amavulaza mwana wosabadwa, ndipo amatha kufooketsa mapiritsi olera. Mayi amene akufuna mwana anene asanayambe mankhwala aliwonse oteteza.

Malire awiri, mayina awiri

Ku Calómuè, ku Biri-Biri, ku Zóbuè ndi ku Cassacatiza, kuwoloka malire kukafuna chithandizo ndi chinthu cha masiku onse. Munthu amapita kumene kuli pafupi, kumene kuli achibale kapena kumene wamva kuti mankhwala afika. Vuto n'lakuti dokotala wa ku Ulónguè saona zimene zinalembedwa ku Dedza, ndipo wa ku Mwanza saona za ku Moatize, pokhapokha wodwala atanyamula mapepala a mbali zonse.

Mankhwala amodzi amatha kukhala ndi mayina awiri. Panado ndi Ben-u-ron onse ndi paracetamol. Brufen ndi ibuprofeno ndi chinthu chimodzi. AAS, kapena ácido acetilsalicílico, ndi aspirin yemweyo. Munthu akhoza kumwa a ku Malawi m'mawa, a kuno masana, a kumsika madzulo, n'kumati wamwa mitundu itatu pamene wamwa umodzi katatu. Dzina lenileni la mankhwala limalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono pansi pa dzina la malonda, ndipo ndilo lofunika kuliyerekeza.

Malembedwe a pepala nawonso amasiyana. Mawu akuti de 8 em 8 horas akutanthauza katatu pa tsiku, maola 8 aliwonse, zimene mbali inayo amalemba kuti tds. Mawu akuti em SOS, amene kwina amalembedwa prn, akutanthauza kuti amwedwe pokhapokha mutu wabwera, osati tsiku lililonse. Kusokoneza ziwirizi kumavulaza mbali zonse: wina amamwa sumatriptan tsiku ndi tsiku ngati woteteza, wina amamwa amitriptyline pokhapokha mutu wafika n'kumadabwa kuti sakuthandiza. Wodwala asachoke pa windo la mankhwala asanamvetse kuti awa ndi a tsiku lililonse kapena a nthawi ya mutu. Safunsa anadya phula.

Mankhwala a pamphasa kumsika ali ndi vuto lina. OMS inanena mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, mankhwala amodzi mwa 10 aliwonse ndi achinyengo kapena osakwanira mphamvu. Mibulu yogulitsidwa payokhapayokha, yopanda paketi, yokhala padzuwa tsiku lonse, siidziwika dzina, mlingo kapena tsiku lake lothera, limene pa paketi limalembedwa kuti Validade kapena EXP. Muno mu Moçambique, lamulo la mankhwala la mu 2017 linakhazikitsa bungwe la ANARME kuti liziyang'anira mankhwala olowa ndi ogulitsidwa, ndipo mankhwala ofuna receita ayenera kugulidwa ku farmácia yovomerezeka.

Zokanena kuchipatala

Dokotala, técnico de medicina kapena namwino amasankha mankhwala malinga ndi zimene wauzidwa. Mutu waching'alang'ala suoneka m'magazi kapena pa chithunzi. Umadziwika ndi mbiri yake. Wodwala anene mutu umabwera kangati pa mwezi, umatha maola angati, ngati amaona zong'anima, ndiponso ngati kwawo alipo ena otere. Anene matenda ake ena onse, ngati ali ndi pakati kapena akuyamwitsa, ndi njira yolera imene akutsata. Anyamule mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, a ARV ndi a TB omwe, ndipo asabise za mowa kapena za zitsamba za kwa sing'anga, chifukwa zina mwa izo zimalemetsa chiwindi ndi impso. Ngati chipatala chaching'ono chalephera, pali njira yotumizira odwala ku chipatala chachikulu cha m'boma, monga cha ku Ulónguè, mpaka ku Hospital Provincial de Tete.

Kunyumba, zina zimene makolo ankachita n'zothandizadi: kugona m'chipinda cha mdima, kuika nsalu yonyowa pamphumi, kumanga mutu ndi duku, kumwa madzi pang'onopang'ono. Kutemera mphini ndi lumo limene ladula ena ndiko kungabweretse matenda oposa mutuwo. Kudya kanthu asanapite kumunda, kunyamula madzi, kuvala chipewa ndi kugona nthawi yofanana kumachepetsa maulendo a mutu, ndipo mankhwala amafunika mocheperapo.

Apabanja nawo ali ndi mbali yawo. Mayi amene akudziwa kuti akagona lero ana sadya, kapena bambo amene akuopa kunenedwa kuti ndi waulesi pa ganyu, ndi amene amamwa mibulu tsiku ndi tsiku kuti angoimirira. Kumupatsa wodwala maola ochepa a mdima ndi bata, wina n'kumugwirira ntchito, kumapulumutsa masiku ambiri a m'tsogolo. Ndipo pepala la mankhwala ndi la munthu mmodzi, lolembedwa atayezedwa magazi ake ndi kufunsidwa za thupi lake. Kugawira mnansi mibulu yotsala kumaoneka ngati chifundo, koma mnansiyo akhoza kukhala ndi mtima wodwala, mimba ya mwezi umodzi kapena ma ARV amene sanauzepo aliyense. Chifundo chenicheni ndi kumuperekeza kuchipatala.